Kukonza ndi Kukamba Nkhani Pagulu: Ndemanga pa Chiphunzitso cha Dale Carnegie ndi Omtsatira

1. Mau Oyamba

Munthu amene wapatsidwa udindo wokakamba nkhani pamsonkhano wa kampani, wa bungwe la alimi kapena wa anthu osunga ndalama pamodzi, akafuna malangizo olembedwa, kaŵirikaŵiri amapeza buku la Chingerezi lochokera ku America. Mwa mabuku onse a mtundu umenewu, odziŵika kopambana ndi a Dale Carnegie. Ngakhale aphunzitsi a maphunziro a masiku aŵiri kapena atatu amene amachitikira m'mahotela, ena mwa iwo osaŵerengapo ndi tsamba limodzi lomwe la mlembiyu, amabwereza mfundo zake monga ngati ndi malamulo achibadwa a kayankhulidwe ka anthu onse.

M'pepala lino tifuna kuunika chiphunzitso chimenechi ndi maso a ophunzira chiyankhulo. Kuti chinathandiza anthu a ku New York amene chinalembedwera, pamenepo palibe mtsutso. Funso lathu ndi lakuti chimachitika n'chiyani pamene malangizo ake atsatidwa ndi munthu woyankhula Chicheŵa kwa omvera Chicheŵa, pa nkhani za mitengo, ngongole ndi malipiro, pamene kusamvana pa liu limodzi kungagonetse banja ndi njala. Mfundo yathu ndi imodzi: Carnegie ndi omtsatira amakonzekeretsa mtima, thupi ndi maso a woyankhula, koma za chiganizo chimene adzatulutse m'kamwa amanenapo zochepa, pamene m'Chicheŵa kukonzekera kwenikweni kuli m'chiganizomo, chifukwa ndimo mmene muli ulemu, nthaŵi ndi mwini wake wa lonjezo.

2. Mlembi ndi Mabuku Ake

Dale Carnegie anabadwa m'chaka cha 1888 ku Missouri, m'banja la alimi, namwalira mu 1955. Anayamba kuphunzitsa kuyankhula pagulu mu 1912, m'makalasi a madzulo a bungwe la YMCA ku New York. Ophunzira ake anali anthu a pantchito, ogulitsa malonda ndi a m'maofesi, amene ankaphunzira m'Chingerezi chomwecho chimene ankagwirira ntchito usana. Vuto lawo lalikulu linali mantha: lilime linkauma, maondo ankagwedezeka akangoimirira pamaso pa anzawo. Mankhwala a Carnegie anali kumuimiritsa wophunzira aliyense kuti ayankhule kwa kanthaŵi kochepa, mobwerezabwereza, mpaka mantha atatha.

Zimene anaphunzira m'makalasi amenewa anazisonkhanitsa m'buku la 1926 lotchedwa *Public Speaking: a Practical Course for Business Men*. Mu 1936 panatuluka *How to Win Friends and Influence People*, limene linamtchukitsa m'maiko ambiri. Iye atamwalira, mkazi wake Dorothy Carnegie anakonzanso maphunziro a kuyankhula aja, nawatulutsa mu 1962 ndi dzina lakuti *The Quick and Easy Way to Effective Speaking*. Ndemanga yathu ikhudza mabuku atatuŵa, pamodzi ndi ziphunzitso ziŵiri zimene zinadza pambuyo pake koma masiku ano zimaphunzitsidwa limodzi nawo: chiŵerengero cha Albert Mehrabian ndi masamba a PowerPoint.

Tiyenera kukumbukira kuti luso limeneli silinayambe ndi Carnegie. Aristotle anaphunzitsa kuti woyankhula amakopa omvera ndi zinthu zitatu: khalidwe lake, kukhudza mitima, ndi kulongosoka kwa mfundo. Aroma a m'nthaŵi ya Cicero anagaŵa ntchito ya woyankhula pasanu: kupeza zonena, kuzisanja, kuziveka mau oyenera, kuzikumbukira, ndi kuzikamba. Pa magawo asanu ameneŵa, limene Carnegie analipatsa malo ochepa ndi lachitatu, la mau. M'buku la 1926 nkhani ya kusankha mau ili m'mutu wotsiriza, ndipo langizo lake ndi lakuti munthu aziŵerenga alembi otchuka a Chingerezi ndi kuzoloŵera mtanthauziramau. Kwa munthu wa chiyankhulo chimodzi zimenezi zingakwanire. Kwa ife, gawo limene iye analiika kumapeto ndilo liyenera kukhala loyamba.

3. Zimene Tigwirizana Nazo

Akuluakulu anati mlendo ndiye ayenda ndi kalumo kakuthwa, ndipo kungakhale kusoŵa chilungamo kukana kuti m'thumba la mlendoyu muli zida zabwino. Titchula zitatu.

Choyamba, iye amaumirira kuti munthu ayankhule zimene akuzidziŵa chifukwa cha kuziona kapena kuziphunzira mozama, ndi kuti asonkhanitse zambiri kuposa zimene adzanene. Ili ndi langizo lofunika m'maofesi athu, mmene wamkulu amapatsidwa pepala lolembedwa ndi wina ali kale pakhomo la holo, nayamba kuliŵerenga akukhumudwa pa mzere uliwonse. Omvera sachedwa kuzindikira kuti mau si ake, ndipo pofika nthaŵi ya mafunso amaona kuti palibe womfunsa.

Chachiŵiri, amaletsa kuloŵeza nkhani liu ndi liu. Woloŵeza akaiŵala liu limodzi, ulusi wonse umaduka. Koma wodziŵa mfundo zake amapeza mau ena pomwepo. Pa ichi Carnegie akugwirizana ndi ankhoswe ndi nduna za pabwalo, amene salemba kanthu, koma amagona akusinkhasinkha mlandu, nafika m'maŵa akudziŵa poyambira, podzera ndi pothera.

Chachitatu, pa nkhani yaifupi yofuna kuti omvera achitepo kanthu, buku la 1962 limapereka ndondomeko ya magawo atatu: yamba ndi chochitika chenicheni, kenaka nena chimene ufuna omvera achite, potsiriza nena phindu limene adzapeze. Ndondomeko imeneyi si yachilendo m'makutu mwathu. Mkulu wolangiza sayamba ndi lamulo. Amayamba ndi nthano kapena mwambi, ndipo phunziro limadza omvera atalionera kale patali. Mlangizi wa zaulimi amene ayamba ndi nkhani ya nkhokwe imene inadyedwa ndi anankafumbwe, asanatchule mankhwala ndi mtengo wake, akutsata Carnegie ndi agogo ake pa nthaŵi imodzi.

Kufikira pano mlendo ndi eni mudzi akuyenda njira imodzi. Kusiyana kumayamba pamene woyankhula atsegula pakamwa.

4. Ulemu: Kupepesa, Maina ndi Maso

Carnegie amaletsa kuyamba nkhani ndi kupepesa. Chifukwa chake n'chomveka: munthu wonena kuti sanakonzekere wauza omvera kuti sanawayese kanthu, ndipo wawapatsa chilolezo choti asamvere. Ife tivomereza, ngati kupepesako n'kwa kusakonzekera. Koma taonani ziganizo izi, zimene aliyense wakhalapo pamaliro kapena pamsonkhano wa m'mudzi anazimvapo:

(1) a. Ine ndilibe mau ambiri.
b. Ndangoimirira m'malo mwa anzanga amene andituma.
c. Ndine mwana pamaso panu, mundikhululukire ndikaphonya.

Womasulira mosasamala angaziyese zonsezi kupepesa. Koma ntchito yake ndi ina. Chiganizo (1a) ndi lonjezo la kufupikitsa. Chiganizo (1b) chimanena gwero la mphamvu ya woyankhula: mau amene akudzawo si ake yekha, ndipo wowatsutsa akutsutsa gulu. Chiganizo (1c) chimapempha chilolezo chonena zinthu zolimba pamaso pa akulu popanda kuoneka wamwano. Mnyamata wophunzira za ndalama amene watumidwa kukauza mafumu ndi alimi achikulire kuti bungwe lawo laluza, akadumpha mau otereŵa chifukwa buku lamletsa, adzaoneka wodzikuza, ndipo ziŵerengero zake, ngakhale zili zoona, zidzakanidwa pamodzi ndi iye. Chimene Aristotle anachitcha khalidwe la woyankhula, kwathu kuno chimamangidwa ndi kudzichepetsa, pamene ku New York wa 1912 chinkamangidwa ndi kudzidalira.

Chimodzimodzi ndi maina. Buku la 1936 limalimbikitsa kukumbukira ndi kutchula dzina la munthu, poti aliyense amakondwa kulimva. Kukumbukira n'kwabwino kulikonse. Koma dzina liti? Kutchula munthu wamkulu dzina lake loyamba, lopanda *a-* waulemu, ndi chipongwe. Chimene chimakondweretsa mkulu wa kwathu ndi mfunda wake, aPhiri, aBanda, Naphiri, Nabanda, kapena udindo wake, kapena kutchedwa bambo kapena mai wa mwana wake. Ndiponso Chingerezi cha masiku ano chili ndi mloŵam'malo mmodzi yekha wa munthu woyankhulidwa, pamene Chicheŵa chimakakamiza kusankha pakati pa *iwe* ndi *inu*, pakati pa *bwera* ndi *bwerani*, pa mneni aliyense. Buku lolembedwa m'Chingerezi silingachenjeze za dzenje limene m'Chingerezimo mulibe.

Za maso tinena mwachidule. Mabuku a mtundu umenewu amalangiza kuyang'ana omvera m'maso. Pagulu lalikulu langizoli lilibe vuto, pakuti maso amayenda. Koma m'chipinda cha anthu asanu, wamng'ono wopenyetsetsa wamkulu m'maso osaphethira amaoneka ngati akumderera.

Komabe tisadzinyenge kuti mwambo wathu ulibe chilema. Malonje a pamsonkhano wa boma kapena wa kampani afika potalika kopitirira muyeso: woyankhula aliyense amatchula mlendo wolemekezeka, wapampando, akuluakulu a nthambi zonse mmodzimmodzi, ngakhale anzake asanu amtsogolera kale ndi mndandanda womwewo. Ena potopa nazo amangoponya kachiganizo ka Chingerezi konena kuti ulemu wonse waperekedwa, kamene sikalemekeza munthu aliyense. Pa 19 Novembala 1863 ku Gettysburg, Edward Everett anayankhula maola aŵiri, ndipo Abraham Lincoln, amene Carnegie ankamtama kwambiri, anayankhula mphindi ziŵiri zokha; dziko likukumbukira za Lincoln. Malonje athu ambiri ndi aatali kuposa nkhani yonse ya Lincoln. Njira yabwino tiiona kumudzi komwe: woyamba kuyankhula ndiye amatchula akulu onse, ndipo otsatira amangoti zikomo kwa mfumu ndi kwa anthu onse, naloŵa m'nkhani.

5. Liu ndi Tanthauzo

Pa maphunziro ambiri a kuyankhula pagulu pamanenedwa kuti mwa magawo 100 a uthenga, 55 amadzera m'nkhope ndi thupi, 38 m'kamvekedwe ka liu, ndipo 7 okha ndiwo amadzera m'mau enieniwo. Chiŵerengerochi si cha Carnegie. Chinachokera m'kafukufuku amene Albert Mehrabian ndi anzake anafalitsa mu 1967, mmene anthu ankamvetsera liu limodzi lokha lotchulidwa mosiyanasiyana, nayang'ana zithunzi za nkhope, kuti anene ngati wotchulayo akuonetsa kukonda kapena kuipidwa. Mehrabian mwini wake anachenjeza kuti zotsatirazo zikukhudza kuonetsa za mumtima pokha, makamaka pamene mau ndi nkhope zikutsutsana. Sizikunena kanthu za munthu wofotokoza chiongoladzanja cha ngongole. Chikhala kuti zinali zoona pa nkhani iliyonse, bwenzi tikumva magawo 93 a nkhani ya Mtchaina popanda womasulira.

Kwa ophunzira Chicheŵa pali chifukwa china chokanira kugaŵa kotereku. Chiŵerengerochi chimaika mau mbali ina, kamvekedwe ka liu mbali ina, monga ngati kukwera ndi kutsika kwa liu ndi chokometsera chabe. M'Chicheŵa kukwera ndi kutsika kumeneku ndi chiwalo cha liu lenilenilo:

(2) a. mténgo (chomera cha nthambi ndi masamba)
b. mtengo (ndalama zogulira chinthu)

(3) a. ndináthandiza (kale)
b. ndinathándiza (posachedwapa)

Mu (2) kamvekedwe kakusiyanitsa maina aŵiri. Mu (3) kakusiyanitsa nthaŵi ziŵiri za mneni mmodzi. Kalembedwe kathu ka masiku onse sikaonetsa zizindikiro zimenezi, kotero kuti woŵerenga amadziŵa katchulidwe koyenera pokhapokha atamvetsa chiganizo chonse. Apa pakutuluka phunziro limene mabuku a Chingerezi sangapereke: munthu amene adzaŵerenge nkhani yolembedwa m'Chicheŵa ayenera kuiŵerenga mokweza asanapite, osati pofuna kuchotsa mantha pokha, koma chifukwa pepala silinamuuze zonse. Woŵerenga chiganizo kwa nthaŵi yoyamba ali kale pamaso pa anthu amafika pakati asanadziŵe kumene chikupita, natchula mneni ndi kamvekedwe ka nthaŵi ina.

Pali kanthu kenanso. Bungwe la Toastmasters International, limene Ralph Smedley analiyambitsa ku Santa Ana, California, mu 1924, limasankha munthu pamsonkhano uliwonse woŵerenga timau tongodzazira mpata timene woyankhula watulutsa. Chizoloŵezichi n'chothandiza, ndipo ifenso tili nato timau totere, monga *ujeni* ndi *ndiye kuti* wobwerezedwa pa mpweya uliwonse. Koma woŵerengayo asaphatikizepo *eti?*, *si choncho?* kapena *tikumvana?* Amenewa si mau odzazira. Ndi mafunso ofuna yankho, ndipo omvera amayankhadi kuti *eee*, *zoona*, *inde*. Mwana wa kwathu amaphunzira pa nthano za madzulo kuti wokamba akanena, omvera amavomera kuti *tili tonse*, ndipo kuvomerako kukaleka, wokamba amadziŵa kuti anthu agona. Carnegie amadziŵa kufunika kwa kuwaloŵetsa omvera m'nkhani, koma kwa iye ndi luso loonjezera; kwa ife omvera a chete ndi chizindikiro chakuti zinthu zalakwika.

6. Masamba a PowerPoint ndi Imfa ya Mneni

Carnegie anamwalira kusanadze PowerPoint, imene inatuluka mu 1987, ndipo kampani ya Microsoft inaigula chaka chomwecho. Koma lero palibe maphunziro a kukamba nkhani za malonda amene saphunzitsa kukonza masamba oonetsa pakhoma, okhala ndi timizere tatifupi toyamba ndi kadontho. Lamulo lake ndi lakuti mau achepe. Funso la wophunzira chiyankhulo ndi lakuti: pochepetsapo, mau amene amatayidwa ndi ati?

Yankho linaoneka moŵaŵa ku America komweko. Pa 16 Januwale 2003, pamene chombo cha m'mlengalenga cha Columbia chinkanyamuka, chibenthu cha chophimba cha thanki ya mafuta chinagunda phiko lake lamanzere. Chombocho chili m'mwamba, akatswiri a kampani ya Boeing anafotokozera akuluakulu a NASA za ngoziyo pa masamba a PowerPoint. Edward Tufte, amene anaunika limodzi la masambawo, anaonetsa kuti mutu wake unali wokhazika mtima pansi, pamene mfundo yoopsa, yakuti chibenthucho chinali chachikulu kuŵirikiza ka 640 kuposa chimene chinayesedwapo, inali pansi, m'timalemba tating'ono, yodukaduka. Pa 1 Febuluwale chombocho chinasweka pobwerera, ndipo anthu 7 anafa. Bungwe lofufuza ngoziyo linadzudzula chizoloŵezi chogwiritsa ntchito masamba otere m'malo mwa malipoti olembedwa mokwanira. Chaka chotsatira, mu 2004, Jeff Bezos analetsa PowerPoint pamisonkhano ya akuluakulu a kampani ya Amazon, nalamula zikalata za ziganizo zathunthu, zimene onse amaŵerenga mwakachetechete pa chiyambi cha msonkhano.

Ngati timizere todukaduka tili ndi ngozi m'Chingerezi, m'Chicheŵa ngoziyo ndi yoposa, chifukwa cha mmene mneni wathu anapangidwira. Tiyerekeze kuti kampani yogula mtedza yaitana alimi, ndipo woyankhula akufuna kunena za malipiro. Angathe kunena m'njira zitatu:

(4) a. Kulipira alimi pa nthaŵi yake
b. Alimi adzalipidwa.
c. Tidzakulipirani pasanathe masiku 14 mutapereka mtedza wanu.

Mzere (4a) ndiwo umapezeka pakhoma. Uli ndi dzina la m'gulu la *ku-*, limene lilibe mwininkhani ndiponso lilibe nthaŵi: silinena wolipira, silinena ngati kulipirako kunachitika, kukuchitika kapena kukungolakalakidwa. Chiganizo (4b) chili ndi nthaŵi, koma msintho wochitidwa wabisa wolipirayo. Chiganizo (4c) chokha ndicho lonjezo. Liu limodzi lakuti *ti-dza-ku-lipir-a-ni* lanyamula wolonjeza mu *ti-*, nthaŵi mu *-dza-*, wolonjezedwa mu *-ku-*, ndi ulemu wake mu *-ni*. Chingerezi chimafuna mau anai kuti chinene zimenezi, ndipo ulemuwo chilibe pouika. Motero wodula mneni wa Chicheŵa kuti akwane pa kamzere sanafupikitse chiganizo chabe. Wachotsa munthu amene alimi akanamgwira pa mau ake mwezi wamaŵa.

Ndi chifukwa chake timati kuchuluka kwa mau monga *kupititsa patsogolo*, *kulimbikitsa* ndi *kuonetsetsa* m'nkhani za mabungwe si vuto la kukoma kwa chiyankhulo kokha. Ambiri mwa mau ameneŵa ndi maina a Chingerezi a pa timizere tija, ovekedwa *ku-* patsogolo. Amamveka aulemu, koma palibe amene angaimbidwe nawo mlandu. Langizo lathu kwa wokonza nkhani ndi lakuti pa mfundo iliyonse adzifunse kuti ndani, adzachita chiyani, kwa yani, liti. Ndipo ngati mneni wake sangayambe ndi *ndi-*, *ti-* kapena *mu-*, adziŵe kuti mfundoyo sinapse.

7. Ziŵerengero ndi Womasulira

Pali zinthu ziŵiri zimene woyankhula za malonda kwathu kuno sangazithaŵe, zimene mabuku tikuunikaŵa sanazilingalire m'njira imene ife tikuzisoŵera.

Choyamba ndi ziŵerengero. Carnegie amalangiza bwino kuti nambala yaikulu isanduke chithunzi chimene omvera angachione. Koma vuto lathu limayamba chithunzicho chisanafike. Kuŵerenga kwa Chicheŵa kumayenda pa zisanu ndi makumi, kotero kuti 78 ndi makumi asanu ndi aŵiri, kudza zisanu ndi zitatu. Ndipo pa ndalama pafupifupi aliyense amatchula manambala m'Chingerezi. Zimenezi si zolakwa, pakuti pamsika pomwe ndi mmene anthu amachitira. Cholakwa ndi kuganiza kuti womva dzina la nambala wamvanso tanthauzo lake, makamaka pa maperesenti. Tiyerekeze ngongole ya chiongoladzanja cha 5 peresenti pa mwezi. Wonena choncho nakhala pansi wanena zoona, koma sanafotokoze kanthu. Wofotokoza amati: mukakongola K100,000, mwezi uliwonse mudzaonjezapo K5,000, ndipo chaka chikatha musanabweze, chiongoladzanja chokha chidzakhala chitafika K60,000, ngakhale osaŵerengera chiongoladzanja cha pa chiongoladzanja. Wina angapitirire ndi kusandutsa ndalamazo matumba a chimanga a makilogalamu 50 pa mtengo wa tsikulo. Ntchito imeneyi siichitika munthu ataimirira. Ichitike usiku wa dzulo lake, ndi pensulo.

Chachiŵiri ndi womasulira. Mbiri ya dziko lino ikutikumbutsa kuti Dr. H. Kamuzu Banda, chibwerere mu Julaye 1958, ankayankhula pamisonkhano m'Chingerezi, ndipo anthu ankamva uthenga wake kudzera mwa omasulira monga John Msonthi, ndi pambuyo pake John Tembo. Nthaŵi zina iye ankamkonza womasulirayo anthu akumva. Kuyankhula kwa anthu aŵiri kotereku kukadalipo m'matchalitchi, m'makhoti ndi pamisonkhano ya makampani ndi mabungwe. Kuli ndi malamulo ake. Nthaŵi imaŵirikiza, kotero kuti wopatsidwa mphindi 20 akonze za mphindi 10. Woyankhula apume pothera ganizo lathunthu, osati pakati pa chiganizo, pakuti womasulira sangasankhe mgwirizanitsi woyenera asanamve dzina limene mneni akugwirizana nalo. Nthabwala zodalira kufanana kwa mau a Chingerezi zimafera panjira. Koposa zonse, womasulira aone nkhaniyo msonkhano usanayambe, kuti aŵiriwo agwirizane za mau a ntchito monga *phindu*, *mpamba*, *chikole* ndi *masheya*. Mutu umodzi susenza denga. Koma m'maphunziro athu womasulira satchulidwa n'komwe, ngati kuti ndi chipangizo chokuzira mau.

8. Mau Otsiriza

Chicheŵa chinalengezedwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968. Bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo mu 1996 ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malaŵi, imene inatulutsa *Mtanthauziramawu wa Chinyanja* m'chaka cha 2000. Pa zaka zonsezi khama lalikulu la okonza za chiyankhulo lapita ku kalembedwe, galamala ndi matanthauzo a mau, ndiye kuti ku chiyankhulo cha papepala. Pakali pano gawo 51 la malamulo aakulu a dziko a 1994 limafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kuyankhula ndi kuŵerenga Chingerezi, ndipo uthenga umene achinyamata amatolapo ndi wakuti nkhani zolemera zimakambidwa m'Chingerezi, Chicheŵa n'cha malonje ndi nthabwala. Zotsatira zake timaziona pamsonkhano uliwonse: nkhani imaganizidwa ndi kulembedwa m'Chingerezi, ndipo woyankhula amaitembenuza ataimirira, chiganizo ndi chiganizo, omvera nalandira zotsalira.

Sitikupempha kuti mabuku a Carnegie amasuliridwe m'Chicheŵa. Kuteroko kungatipatse malangizo a ku New York m'zovala za kuno, ndi mipata yomwe ija yosatsekedwa. Tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, ophunzira a m'madipatimenti athu ajambule ndi kulemba nkhani zenizeni zokambidwa pabwalo la milandu, pamaliro, paukwati ndi pamisonkhano ya mabungwe a alimi, eni ake atavomera, kuti tidziŵe mwa umboni mmene woyankhula waluso amatsegulira, amasanjira ndi kutsekera nkhani yake. Chachiŵiri, pa umboni umenewo palembedwe buku la malangizo m'Chicheŵa, lotenga kwa Carnegie zitatu zija tavomereza, koma loyamba ndi ulemu, mneni ndi ziŵerengero. Chachitatu, mau a zamalonda ndi zandalama amene akugwiritsidwa kale ntchito m'misika, m'mabanki a m'midzi ndi pa wailesi asonkhanitsidwe ndi kugwirizanitsidwa, kuti woyankhula ndi womasulira asamapeke liu latsopano pamsonkhano uliwonse.

Carnegie anaona anthu odziŵa zonena koma ogwidwa ndi mantha, nawapatsa mankhwala oyenera matenda awo. Matenda athu ndi ena. Oyankhula opanda mantha tili nawo ambiri. Chimene chimasoŵa ndi chiganizo chimene mlimi angabwerere nacho kunyumba, nakauza mkazi wake kuti wolipira ndi uje, ndalama zake ndi zakuti, tsiku lake ndi lakuti. Kuphunzitsa chiganizo chimenecho ndi ntchito ya ife a chiyankhulo, ndipo palibe buku lochokera kunja limene lidzatigwirire.